Kodi mumadziwa? Za eriyo ndi netiweki ya foni

Kwathu kumudzi kuli msomali umodzi umene aliyense wa m'nyumbamo amaudziwa. Unakhomedwa pa felemu ya windo la pabalaza, chakumanja, pamwamba pang'ono pa mutu wa munthu. Kwa zaka zambiri foni ya amayi inkakhala pamenepo, ili m'kathumba ka nsalu. Ikangotsitsidwa n'kuikidwa patebulo, timizere ta netiweki tinkazima. Ikabwezedwa pamsomali, tiwiri tinkabwerera. Ndikaimba kuchokera m'tauni, amayi ankalankhula ali chiimire, foni ili pa laudi. "Fulumira mwanawe, miyendo yatopa," ankatero. Msomali umenewu ndi umene unandiyambitsa kufufuza za maeriyo.

Kodi mumadziwa kuti foni yanu ili ndi eriyo kale ngakhale simuiona? Ndipo si imodzi. Mafoni a masiku ano amakhala ndi maeriyo angapo: a netiweki, a WiFi, a Bluetooth ndi a GPS. Akale aja eriyo inkaonekera pamwamba ngati kanyanga, ina yochita kusolola. Nokia 8810 ya mu 1998 ndi Nokia 3210 ya mu 1999 zinali m'gulu la mafoni amene anazoloweretsa anthu eriyo yobisika m'kati. Ngati foni yanu ndi ya m'mbali mwa chitsulo, yang'anitsitsani muona timizere ta pulasitiki todula chitsulocho. Si zokongoletsa ayi. Chitsulocho ndi eriyo, ndipo timizereto timalekanitsa eriyo ina ndi inzake.

Nanga mumadziwa kuti dzanja lanu lomwe likhoza kuchepetsa netiweki? Thupi la munthu ndi madzi ambiri, ndipo madzi amamwa mafunde a wailesi. Kampani ya Apple inaziona zimenezi mu 2010 itatulutsa iPhone 4. Munthu akagwira foniyo cham'munsi kumanzere, pamene maeriyo awiri ankakumana, netiweki inkagwa. Madandaulo atachuluka, mkulu wa kampaniyo Steve Jobs anaitanitsa atolankhani pa 16 July chaka chomwecho n'kulengeza kuti ogula apatsidwa zikhokho zaulere. Pamene netiweki ili yoperewera, gwirani foni ndi zala m'malo moifumbata, kapena ikani pansi n'kulankhulira pa mahedifoni.

Kodi mumadziwa kuti kutalika kwa eriyo kumachita kuwerengetsera? Funde lililonse la wailesi lili ndi utali wake. La 900 MHz, limene mafoni a 2G amadalira kwambiri kumidzi, ndi lotalika masentimita 33. La 1800 MHz ndi pafupifupi masentimita 17, la 2600 MHz ndi 11 ndi theka. Eriyo wamba yoongoka imadulidwa molingana ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a fundelo, kutanthauza masentimita 8 okha pa 900 MHz. N'chifukwa chake kumangirira waya wautali pa foni n'kuuponya padenga sikuthandiza. Eriyo ya TV nayonso inadulidwira mafunde ena. Musanagule eriyo, dziwani kaye mafunde amene nsanja ya netiweki ya kwanuko imagwiritsa ntchito. Otsika monga 800 ndi 900 MHz amafika patali ndipo amalowa bwinoko m'nyumba, pamene okwera amanyamula intaneti yambiri koma amathera pafupi.

Apa ndiye pagona nkhani: kodi mumadziwa kuti eriyo sipanga netiweki? Ilibe batire, ilibe magetsi, siwonjezera mphamvu ina iliyonse. Ntchito yake n'kutola zimene zilipo kale. Taganizirani nyali ya koloboyi ndi tochi. Koloboyi imamwaza kuwala kwake mbali zonse, motero siunikira patali. Tochi ili ndi kagalasi kumbuyo kwa babu kamene kamasonkhanitsa kuwala konse n'kukulozetsa mbali imodzi, ndipo mumaona mpaka kukhola. Eriyo yoloza mbali imodzi imachita chimodzimodzi: imaleka kumvetsera kumbuyo ndi m'mbali kuti imve bwino kutsogolo. Phindu limeneli amaliyeza mu dBi. Kuwonjezera 3 ndiko kuwirikiza kawiri, kuwonjezera 10 ndiko kuchulukitsa kakhumi. Eriyo yabwino yapadenga imapereka pakati pa 8 ndi 15 dBi. Mukaona kakamtengo kotalika ngati cholembera kolembedwa 50 dBi pa pepala lake, bwezani ndalama m'thumba. Ndi bodza, ndipo zimandiwawa kuti amene amanamizidwa kwambiri ndi anthu okhala kutali, amene ndalamayo aipeza movutikira.

Kodi mumadziwa kuti eriyo yooneka ngati minga ya nsomba ija inachokera ku Japan? Inapangidwa mu 1926 pa Tohoku Imperial University mumzinda wa Sendai. Amene anagwira ntchito yaikulu anali Shintaro Uda, mothandizana ndi mkulu wake pantchito Hidetsugu Yagi. Yagi ndi amene analemba za eriyoyi m'Chingelezi mu 1928, ndipo dziko linangogwira dzina lakelo. Lero aliyense amati Yagi, Uda n'kuiwalika, ngakhale mabuku a akatswiri amalemba kuti Yagi-Uda. Mwa tizitsulo tonse timene mumationa tija, kamodzi kokha ndi kamene kamalumikizidwa ku waya. Kakumbuyo kotalikirapo kamabweza mafunde, ndipo takutsogolo tofupikirapo timawalondolera. Maiko ena anaigwiritsa ntchito msanga kuposa eni ake. Asilikali a Japan atalanda Singapore mu 1942, anapeza zolemba za radar ya asilikali a Britain zotchula mawu akuti Yagi mobwerezabwereza, ndipo poyamba sanazindikire kuti linali dzina la munthu wa kwawo.

Kodi mumadziwa kuti timizere ta netiweki si muyezo weniweni? Palibe lamulo lonena kuti timizere tinayi titanthauze mphamvu yakuti. Kampani iliyonse yopanga mafoni imasankha yokha, moti mafoni awiri ali patebulo limodzi, simu kadi za kampani imodzi, akhoza kuonetsa zosiyana. Pa nthawi ya vuto la iPhone 4 lija, Apple inavomera kuti masamu ake owerengera timizere anali olakwika ndipo ankaonetsa tambiri kuposa mmene zinalili. Muyezo wodalirika ndi nambala ya dBm. Pa mafoni ambiri a Android imapezeka mukalowa mu Settings, kenako About phone, n'kufika pa SIM status. Pa iPhone mumaimba *3001#12345#*. Nambalayi imayamba ndi chizindikiro chochotsera, ndipo ikamayandikira ziro ndiye kuti zinthu zili bwino. Pa 4G, -80 ndi yabwino kwambiri, -100 ndi yongokwanira, -115 ndiye ili pafupi kuduka. Manambalawa amaoneka oyandikana koma sali choncho: -90 ndi yamphamvu ka 1,000 kuposa -120.

Choncho musanatulutse ngakhale tambala, tengani foni muzungulire pakhomo. Imani pakhonde, kuseri kwa nyumba, pafupi ndi nkhokwe, pachulu. Kwerani makwerero mufike pamsonga pa denga. Paliponse dikirani mphindi imodzi kuti nambala ikhazikike, n'kuilemba. Ngati padenga nambala ikuposa ya m'nyumba ndi 10 kapena kupitirira, eriyo ikuthandizani. Ngati padenga pomwe palibe kanthu ngakhale pang'ono, eriyo sikapeza chotola, pokhapokha mutaikweza kwambiri kapena kuipititsa pamtunda.

Kodi mumadziwa chifukwa chake netiweki imapezeka pachulu? Mafunde a foni amayenda pafupifupi ngati kuwala, ndipo amafuna njira yoyera pakati pa inu ndi nsanja. Dziko ndi lozungulira: munthu woima pachigwa chosalala amaona makilomita pafupifupi 5 basi, koma atakwera mamita 10 amaona opitirira 11. Komanso kuiona nsanja ndi maso sikokwanira. Mafunde sayenda m'kanjira kopyapyala ngati ulusi. Amatenga mpata wooneka ngati dzira lotalika, wotupa pakati, umene umatchedwa ndi dzina la katswiri wa ku France Augustin Fresnel. Ngati nsanja ili pa makilomita 10 ndipo mafunde ndi a 900 MHz, pakati pa ulendowo mpatawo umafika mamita pafupifupi 29 kuchokera pamzere wolunjika. Mitengo, zitunda ndi nyumba zikalowa mumpatamo, mphamvu imachepa. N'chifukwa chake kukweza eriyo ndi mamita atatu kumatha kupindula kuposa kugula eriyo yodula kawiri. Nzeru imeneyi ndi yakale. Pa 12 December 1901, Guglielmo Marconi ali ku Signal Hill, Newfoundland, pofuna kumva uthenga wochokera ku Poldhu ku England kutsidya la nyanja ya Atlantic, anaulutsa waya wake m'mwamba ndi kaiti.

Kodi mumadziwa kuti malata amatchinga netiweki? Chitsulo chimabweza mafunde a wailesi. Michael Faraday anasonyeza mu 1836 kuti chipinda chokutidwa ndi chitsulo sichilola mphamvu ya magetsi yakunja kulowa, ndipo mpaka pano chipinda chotero chimatchedwa ndi dzina lake. Nyumba ya malata, ya njerwa zootcha ndi zitsulo za m'mawindo imachita zofananako, ngakhale osati kotheratu. Shopu ya mu kontena ndiye imaposa. Banja limasamuka m'nyumba ya udzu kulowa m'nyumba yatsopano ya malata n'kumadabwa kuti foni yayamba kuvuta, chonsecho malo ndi omwewo. Msomali wa amayi uja unali pawindo loyang'ana kumene kuli nsanja.

Mvula nayo amainamizira. Madontho a mvula sasokoneza kwenikweni mafunde a foni, chifukwa ndi aang'ono kwambiri poyerekeza ndi funde la masentimita 33. Amene amavutika ndi mvula ndi mafunde afupiafupi a TV ya pa dishi ndi ena olumikiza nsanja ina ndi inzake. Chimene chimasintha pakhomo panu nyengo ya dzinja ndi masamba. Mitengo imene inali mbee mu Okutobala imakhala itavala pofika Januwale, chimanga chatalika, ndipo masamba onyowa amamwa mafunde. Eriyo imene mwaiika m'chilimwe muiyesenso mvula ikakhazikika.

Kodi mumadziwa kuti foni yoyenda nayo inayambira m'galimoto, eriyo ili panja? Kampani ya Bell inayamba ntchitoyi mu June 1946 mumzinda wa St. Louis ku America. Zipangizo zake zinkalemera makilogalamu oposa 30 ndipo zinkadzaza buti. Foni yogwira m'manja inabwera pa 3 April 1973, pamene Martin Cooper wa ku Motorola anaimba ali mumsewu ku New York. Ngakhale pambuyo pake, mafoni ambiri a m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000 ankakhala ndi kabowo kumbuyo, kotsekedwa ndi kalabala, kolowetsapo waya wa eriyo ya padenga la galimoto. Mafoni a masiku ano pafupifupi onse alibe. Dziko limene linaumirira nako ndi Australia, kumene mafamu ali patalipatali. Kampani ya Telstra imayesa mafoni n'kuika chizindikiro cha Blue Tick pa amene amagwira bwino kumidzi, ndipo yakhala ikugulitsa mafoni ena olimba okhala ndi polowetsa eriyo.

Chenjezo kwa okonda kutsegula mafoni: mukachotsa chivundikiro cha mafoni ena mumaona kabowo kozungulira, kagolide, kakang'ono ngati njere ya mapira. Ambiri amakatenga ngati polowetsa eriyo. Kameneka anakaikira oyesa foni kufakitale. M'kati mwake muli kaswichi kamene kamadula eriyo yam'kati chinthu chikalowetsedwa. Mukasokosa ndi waya kapena singano kaswichiko n'kukakamira, foni imataya netiweki yonse ngakhale mutaima pansi pa nsanja.

Nanga foni yopanda kabowo muichita bwanji? Kuli tizipangizo tokhala ngati chogonekamo foni, tolumikizidwa ku eriyo yapanja. Mafunde amadumpha okha kuchoka m'kachipangizoko kulowa mu eriyo ya foni popanda kukhudzana kwa waya. Zimagwira, koma mphamvu yambiri imatayika podumphapo, ndipo foni iyenera kukhala pomwepo osasuntha.

Kodi mumadziwa kuti njira yodalirika kwambiri ndi kusalumikiza eriyo ku foni n'komwe? Simu kadi ilowe mu rauta ya 4G, eriyo ilumikizidwe ku rauta, mafoni onse a m'nyumba atenge intaneti pa WiFi. Marauta ngati Huawei B315 ali ndi malo awiri kumbuyo omangirapo eriyo. Kwa amene akufuna kuimba ndi kulandira basi, kuli mafoni a patebulo olowa simu kadi, ndipo ambiri eriyo yake imamasuka n'kumangapo waya wochokera padenga. Samalani ndi timitu tolumikizira, chifukwa tilipo tamitundumitundu. Marauta ambiri amafuna SMA, yochita kupotokola. Ma MiFi ndi ma dongle ena amafuna TS9 kapena CRC9, timene timaoneka ngati mapasa koma sitilowana. Palinso RP-SMA ya pa WiFi, imene imamangika bwinobwino pa SMA koma m'kati singano sizikhudzana, ndipo munthu amatha tsiku lonse akudabwa. Tengani chipangizo chanu popita kogula, mukayese pomwepo. Safunsa anadya phula.

Malo omangira aja ali awiri pa chifukwa. 4G imatumiza uthenga m'njira ziwiri nthawi imodzi, luso lotchedwa MIMO, ndipo maeriyo a pansanja amapendekeka madigiri 45, ina kumanja ina kumanzere. Mukamanga eriyo imodzi intaneti ibwera ndithu, koma liwiro lina mwalisiya m'mwamba. Maeriyo awiri a Yagi aikidwe mopingasana ngati chilembo cha X, kapena mugule yathyathyathya imene ili ndi awiri m'kati ndi mawaya awiri otuluka.

Kodi mumadziwa kuti waya akhoza kudya phindu lonse la eriyo? Ichi ndinachiona ndi maso anga. Malume anagula eriyo yabwino ndithu, n'kuikweza pamtengo wa bulugamu kuseri kwa khola. Mtunda wochoka pamenepo kufika pabalaza unali wautali, ndiye analumikiza zidutswa zitatu za waya wa TV, mfundo zake atakulunga ndi pepala la shuga. Titayesa, netiweki ya pa wayayo inali yofooka kuposa ya foni ili m'manja pakhonde. "Ndiye kuti andigulitsa chakufa, mphwanga?" anandifunsa. Ndinati, "Ayi malume, eriyo ili bwino. Zonse zikuthera m'njira." Waya wa TV ndi wa ma ohm 75 pamene zipangizo za foni zimafuna wa 50, ndipo mfundo iliyonse imataya kenakake. Ngakhale waya woyenera amadya. Wotchedwa RG-58 amataya pafupifupi theka la dB pa mita iliyonse pa 900 MHz, moti pa mamita 10 mphamvu yotsala ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mafunde akakwera, kutayako kumakulanso. Wopyapyala kwambiri wa RG-174 amataya mowirikiza. Wonenepa wa LMR-400 amataya dB imodzi ndi pang'ono pa mamita 10 omwewo, koma ndi wodula. Nzeru yake ndi kufupikitsa waya wa eriyo n'kusendeza rauta kufupi ndi mlongoti. Mtunda wotsalawo umalizidwe ndi WiFi kapena waya wa kompyuta wa Ethernet, amene amafika mamita 100 osataya uthenga. Tinasamutsa mlongoti wa malume n'kuuimika pambali pa khoma la pabalaza, waya n'kukhala mmodzi wamfupi, ndipo madzulo omwewo anaonana ndi adzukulu awo pa WhatsApp.

Polozetsa eriyo pamafunika anthu awiri, wina padenga wina pa nambala. Tembenuzani pang'ono, chotsani manja, dikirani, werengani, tembenuzaninso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zina mbali yabwino si kumene kuli nsanja, chifukwa mafunde amatha kugunda phiri kapena denga lalikulu n'kubwerera kwa inu.

Madzi akalowa m'waya, wayayo watha. Kulungani polumikizira paliponse pa panja ndi tepi ya labala yomatirira yokha, ndipo waya asanalowe m'nyumba mumugwetse pang'ono ngati chilembo cha U kuti madzi azidonthera pansi.

Ichi chokha ndikupemphani musachinyozere: mlongoti wachitsulo wotalika kuposa denga umaika nyumba pangozi ya mphenzi. Ulumikizidwe ndi waya wonenepa wa kopa ku chitsulo chokhomeredwa pansi m'nthaka, ndipo kukayamba kugunda zulani waya wa eriyo ku rauta. Poimika, yang'anani kaye kumene kwadutsa mawaya a magetsi. Mlongoti ukhale patali moti ngakhale utagwa usawakhudze.

Kodi mumadziwa kuti timapepala tomata kumbuyo kwa foni, tojambulidwa mizere yagolide, sitichita kalikonse? Sitilumikizidwa ku chilichonse m'foni. Chimodzimodzi ma app olonjeza kukoka netiweki. App singakulitse eriyo kapena kusuntha phiri. Ambiri amangozimitsa netiweki n'kuiyatsanso, zimene mungachite nokha ndi Airplane mode, kwinaku akukudyerani bandulo ndi zotsatsa malonda.

Koma dishi yakale ija musataye. Kodi mumadziwa kuti ikhoza kuthandiza? Mbale ya dishi imasonkhanitsa mafunde pamalo amodzi, paja pamakhala kamutu kake. Mukaika MiFi kapena dongle pamenepo, mutaiteteza ku mvula ndi dzuwa, n'kulozetsa mbaleyo kunsanja, nambala imakwerako, makamaka pa mafunde okwera ngati 1800 MHz ndi kupitirira. Dishi zambiri zapakhomo zimayang'ana m'mwamba kuposa mmene zimaonekera, choncho muyenera kuiweramitsa kuti iloze nsanja. Ku Indonesia anthu anachita zofanana ndi chiwaya chokazingira, chimene kwawoko amati wajan, n'kupanga eriyo ya WiFi yotchedwa wajanbolic. Ku Venezuela, mu 2007, Ermanno Pietrosemoli ndi anzake anatumiza WiFi mtunda wa makilomita 382 kuchokera paphiri lina kufika pa linzake, pogwiritsa ntchito maeriyo a mbale.

Kodi mumadziwa kuti busita ndi yosiyana ndi eriyo, ndipo ili ndi malamulo ake? Busita imalowa magetsi. Imatenga netiweki ndi eriyo yapanja, kuikulitsa, n'kuiulutsanso m'nyumba ndi eriyo ina. Maeriyo awiriwa akayandikana, busita imayamba kudzimva yokha, ngati mmene maikolofoni imalirira pa ukwati ikayandikira sipika. Kusiyana kwake n'kwakuti kulira kumeneku inu simukumva. Kumapita kunsanja n'kusokoneza mafoni a anthu a dera lonse, kuphatikizapo amene akuitana galimoto yotengera wodwala kuchipatala. Ku America, kuyambira 2014 busita iyenera kukhala yovomerezeka ndi FCC ndiponso yolembetsedwa ku kampani ya foni. Ku Britain, Ofcom inayamba kulola mitundu ina yokha mu 2018. Ku Australia kugwiritsa ntchito busita yosavomerezeka ndi mlandu. Kuno oyang'anira mafunde ndi MACRA, ku Zambia ZICTA, ku Mozambique INCM, ku Zimbabwe POTRAZ ndipo ku South Africa ICASA. Wachibale asanakutumizireni busita kuchokera kunja, funsani kaye kumeneko ndi ku kampani yanu ya foni. Ikhozanso kukhala ya mafunde a dziko lina, osagwira n'komwe kuno.

Kodi mumadziwa kuti 2G ili ndi malire a makilomita 35? Si nkhani ya mphamvu koma ya nthawi. Pa 2G ya mtundu wa GSM mafoni asanu ndi atatu amagawana njira imodzi mosinthana, iliyonse ndi kanthawi kake. Foni yakutali imauzidwa kuti iyambe kulankhula msangako kuti mawu ake afike pa nthawi yake. Masitepe a kufulumizako alipo kuyambira 0 mpaka 63, ndipo iliyonse ikuimira mamita pafupifupi 550. Kupitirira pamenepo nsanja wamba sikulandirani, ngakhale eriyo yanu ikuimva bwinobwino, pokhapokha ngati kampani inaikonza mwapadera kuti izifika patali.

Komanso kulankhulana n'kwa awiri. Nsanja ili ndi mawu aakulu, foni ili ndi aang'ono: siposa ma watt 2 pa GSM 900, ndipo pa 4G ndi 0.2 basi. Mukhoza kuona timizere koma foni osatuluka, chifukwa inu mukuimva nsanja koma iyo sikukumvani. Ubwino wa eriyo ndi wakuti imathandiza mbali zonse ziwiri mofanana. Foni imene ili pamalo ofooka imakuwa ndi mphamvu zake zonse, n'chifukwa chake batire imatha msanga ndipo imatentha. Kumudzi kumene kutchajitsa n'kolipira, netiweki yofooka imadya ndalama kawiri.

Okhala m'malire, ku Mchinji, Dedza, Mwanza kapena Muloza, amadziwa za uthenga wowalandira m'dziko la eni ali khale pakhonde pawo. Foni ikataya nsanja ya kwawo imagwira ya tsidya lina, ndipo mtengo wake ndi wina. Eriyo yoloza mbali imodzi imathandiza pamenepa chifukwa imafulatira nsanja yosafunikayo. Muthanso kulowa mu Settings n'kusankha nokha kampani yanu m'malo moisiya foni isankhe. Kunyanja ndiye mafunde amayenda patali kwambiri, popeza pamadzi palibe chowatchinga.

Kodi mumadziwa kuti pali vuto limene eriyo singathetse? Ngati timizere tadzaza koma intaneti ikukwawa madzulo okhaokha, m'mawa kukacha n'kumathamanga, ndiye kuti nsanja yachulukidwa. Zili ngati mjigo umodzi wa mudzi wonse: kukula kwa ndowa yanu sikufupikitsa mzere. Chimene eriyo ingachite ndi kukufikitsani ku nsanja ina yakutaliko imene ili ndi anthu ochepa. Ndipo nsanja ikazima chifukwa cha magetsi, mafuta a jenereta kapena akuba mabatire, palibe eriyo ingaidzutse.

Kwathu tinasankha foni ya patebulo yolowa simu kadi. Tinaimika paipi pakona ya nyumba mbali ya windo lija, Yagi pamwamba, waya wamfupi kulowa pansi pa denga, chitsulo cha mphenzi n'kukhomera pansi. Mng'ono wanga anali pamakwerero, ine ndikuwerenga nambala, amayi akutiyang'anira ali pamkeka. Loweruka lotsatira nditaimba tinacheza mphindi makumi anayi, za maliro a kutsidya, za mtengo wa feteleza ndi za mbuzi imene inaswa awiri. Ndinawafunsa ngati miyendo yatopa. "Ndakhala pampando, mwanawe," anatero. Foni yaing'ono ija ikadali m'kathumba kake pamsomali, chifukwa mauthenga a ndalama amafikira pamenepo.